Ndinali Mwamuna Wachikhumi

1

Mawu amene ndinaphera pemphero la bambo anga anali ochepa, okwana mpweya umodzi. Ndinawalankhula m'sunagoge, m'mawa wa Lachinayi, anthu onse akumva. Papita miyezi isanu ndi iwiri, koma ndikamameza malovu ndimawamvabe pakhosi ngati munga wa nsomba.

Dzina langa ndine Nissim. Ndinabadwira ku Rangoon konkuno, ndipo ndinamaliza sukulu chaka chatha, cha 1964, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anzanga anabalalika, wina ku koleji, wina kukagwira ntchito m'sitima zapanyanja. Ine ndinalibe kopita chifukwa ndinali wachikhumi.

Kwathu ife Ayuda, mapemphero ena sanenedwa popanda amuna khumi. Mukakhala asanu ndi anayi, ngakhale mukhale oyera ngati angelo, mpukutu wa Chilamulo sutuluka m'kabati, ndipo wamasiye sanena Kadishi, pemphero lija mwana amanenera kholo lake lomwalira tsiku ndi tsiku kwa miyezi khumi ndi umodzi. Akuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanabwere amuna ankadzaza mpaka pakhonde. Asilikali atalanda boma ndi masitolo, sitima iliyonse inkanyamula banja. Tinatsala khumi ndendende, ndipo agogo anga aakazi, mayi a bambo, anali atangomwalira.

M'mawa uliwonse a Shaul, nkhalamba yotitsogolera, ankaima pakhomo kutiwerenga. Anthu sitiwawerenga ndi manambala ngati mbuzi. Pali vesi ya mawu khumi, ndipo ankaloza munthu aliyense ndi ambulera, liwu limodzi munthu mmodzi. Liwu lotsiriza linkagwera ine.

"Wachedwanso, mwana wa Hezkel," ankatero. "Iwe ngakhale ku maliro ako omwe udzapeza anthu atakwirira kale."

"Musiyeni, a Shaul," a Menashe ankayankha ali pampando wawo pafupi ndi zenera. "Ndi yekhayo amene ali ndi mano onse muno. Mukamuthamangitsa adzatitafunira ndani?"

Ankaseka, n'kuyamba kupemphera mothamanga ngati anthu amene asiya mphika pamoto. Pakati pa salimo ndi salimo ankanong'onezana za amene walandira mapepala otulukira m'dziko, kapena kukangana kuti zenera litsekedwe. Ine ndinkayang'ana nkhunda kudenga n'kumafunsa mumtima: Mulungu, muli muno? Mukanakhala muno a Menashe akanamayasamula chonchi?

2

Thuza ndinkamudziwa kuyambira kusukulu. Anali mlongo wa mnzanga wa m'kalasi, ndipo pamasaya pake pankakhala timizere ta thanaka, ufa wachikasu wodzola kumaso, tonga masamba. Ndinamulembera ndakatulo khumi ndi ziwiri. Anawerenga imodzi n'kunena kuti ndalakwitsa zilembo.

Tinkakumana masana pamalo omwera tiyi pafupi ndi doko. Iye ankadya mohinga, chakudya chamsuzi cha kuno, ine n'kumangomwa tiyi, chifukwa msuzi wake ndi wa mlamba ndipo nsomba yopanda mamba ife sitidya.

"Ko Nissim, undiuze zoona," anatero tsiku lina akupukuta pakamwa; kuno mnyamata amamuitana Ko mwaulemu. "Mulungu wakoyo ndi wogontha? Mpaka amuna khumi akuwe pamodzi kuti amve?"

"Si choncho ayi."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinamwa tiyi wanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi ako anali a mtundu wathu, eti? Mphunoyo si ya ku Baghdad."

Zinali zoona. Ochokera ku Baghdad anali makolo a bambo okha. Mayi anga anali Mbama, wa mtundu wa eni dziko lino, monga Thuza. Anakwatirana ndi bambo ku Calcutta, kumene anthu athu anathawira nkhondo, ndipo anabwerako ali ndi dzina lakuti Rute. Anamwalira ndili ndi zaka zitatu. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la mafuta a kokonati m'tsitsi lawo, basi.

Mlungu wotsatira Thuza ananditengera kwa amalume ake, mmonke wokalamba wa chipembedzo chawo, wa panyumba ya amonke ina kunja kwa mzinda, pakati pa mitengo ya mango. Ndinaima pakhomo osalowa.

"Sindingagwadire fano," ndinamunong'oneza.

Amalumewo anamva. "Wakupempha ndani?" anatero. "Khala pansi apo. Tseka maso. Uzingotsatira mpweya wako ukamalowa ndi kutuluka. Mpweyawo ndi wa chipembedzo chanji?"

Ndinakhala. Poyamba mawondo anawawa, udzudzu unandiimbira m'khutu, ndinaganiza za khosi la Thuza. Kenako sindikudziwa chimene chinachitika. Phokoso lonse la m'mutu mwanga linatsika ngati matope m'ndowa, madzi n'kuyera. Ndipo m'kati mwa batalo ndinamva kuti Uja ndinkamufunafuna kudenga la sunagoge ali pafupi kuposa malaya anga. Sindinamutche dzina lina. Anali Yemweyo, wa Abrahamu. Nditatsegula maso ndinapeza kumaso kwanyowa.

"Ola limodzi n'kulawa chabe," amalumewo anatero. "Mvula ikatha timakhala masiku khumi osalankhula, osatuluka. Ukafuna, mphasa ilipo."

Masiku khumi! Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati pansi pali thonje.

3

Bambo anga anali ndi sitolo ya mawotchi boma lisanailande. Tsopano ankakonza mawotchi a anthu patebulo lodyera, galasi lili padiso. Ndinawapeza pomwepo.

"Bambo, ndikufuna kuchokapo masiku khumi."

"Ukupita kuti?"

Ndinawauza zonse, kupatula za Thuza. Sanakweze mutu.

"Patsala miyezi inayi kuti nditsirize Kadishi ya agogo ako," anatero. "Ikatha, udzapite ukakhale chete ngakhale chaka. M'nyumba muno tidzapumako."

"Ikatha yanuyo wina adzamwalira. Onse aja ndi nkhalamba! Ndidzakhala ndikuima pakona paja mpaka imvi?"

"Ukachoka ndinena ndi ndani? Ndi makoma?"

"Kodi ine ndine munthu kapena njerwa yochirikizira mwendo wa tebulo? Palibe amene anandifunsapo ngati ndimamva kanthu tikamapemphera. Mumangofuna thupi langa lidzaze malo."

Apo anachotsa galasi lija. "Ukuganiza kuti ine ndimamva kanthu m'mawa uliwonse? Masiku ena ndimangomva njala. Koma amayi anga anandisambitsa zaka zonse osadikira kuti amve kanthu." Anabwezera galasi padiso. "Mulungu amene wamupeza pansi pa mangoyo, ngati ndi Yemweyo, miyezi inayi adikira. Pita ukathandize azakhali ako, Sabata yayandikira."

Ndinatuluka n'kumenyetsa chitseko. Sindinapite kukhitchini. Ndinapita kudoko, ndipo pamaso pa Thuza ndinaitanitsa mbale ya mohinga n'kuimaliza yonse, msuzi womwe.

"Wakoma?" anafunsa.

"Kwambiri," ndinanama.

4

Rangoon ndi wamkulu, koma kwa Ayuda makumi atatu ndi kamudzi. Lisanathe tsiku nkhani inali itafika kwa azakhali a Khatoon, mlongo wa bambo, amene anandilera. Ndinawapeza akusokerera mpunga m'mimba mwa nkhuku ya hameen, chakudya chathu cha Sabata.

"Bwera kuno, mlamba iwe," anatero. "Usakhudze mbale zanga. Mkazi wa a Shaul wakuona ndi maso ake, ukumwa msuzi ngati mphaka, pambali pa kamtsikana kopaka ufa kumaso."

"Ali ndi dzina, azakhali."

"Onse amakhala ndi mayina! Agogo ako sanaume m'manda, iwe uli kwa amonke. Ndinamuuza Hezkel, ndinamuuza kalekale, magazi sanama. Mwana wa nkhanga ungamuike m'khola la nkhuku, tsiku lina adzauluka basi."

"Musawatchule mayi anga. Anali Myuda ngati inu."

"Ngati ine?" Anaseka moipa, singano ili m'manja. "Ngati ine?"

Ndipo anandiuza.

Zimene anandiuzazo sindikuuzani pano. Zinali ziganizo zitatu zokha. Atangozitulutsa anagwira pakamwa ndi dzanja la mafuta, maso ali tong'o. Nkhuku inagwa pansi ndipo sanaitole.

"Nissim, mwana wanga, ndapenga ine. Ulumbire. Ulumbire pa manda a agogo ako kuti sudzauza munthu. Bambo ako angafe."

Ndinalumbira.

Mukuganiza kuti ndinalira? Ndinalira pang'ono, inde. Koma m'masiku otsatirawo ndinazindikira chinthu chimene chikundichititsa manyazi kulemba. Chinsinsicho chinali kiyi. Ndinkayenda nacho m'thumba, n'kumachigwiragwira a Shaul akamandiloza ndi ambulera. Mvula inkachepa tsiku ndi tsiku. Thuza anandiuza kuti masiku khumi aja ayamba Lachinayi masana.

5

Lachinayi m'mawa, tikuyenda kupita ku sunagoge, ndinayesanso.

"Bambo, ndikukupemphani komaliza. Masiku khumi okha."

"Ayi."

"Simukundimvetsa. Ndikapanda kupita ndifa m'katimu."

"Pa zaka zako aliyense amafa kawiri pa mlungu," anatero akuseka. "Fulumira, tachedwa."

Akanapanda kuseka, mwina sindikanachita. Ndimadziuza choncho. Koma chikwama changa chinali kale kwa Thuza kuyambira dzulo lake.

Tinalowa. Amuna asanu ndi atatu anali atafunda kale nsalu zawo za pemphero. Lachinayi timatulutsa mpukutu, ndipo a Menashe anali atagwira kiyi wa kabati. A Shaul anayamba vesi yawo, liwu limodzi munthu mmodzi. Ambulera inafika pa bambo, kenako inatembenukira kwa ine.

"Musandiwerenge, a Shaul," ndinatero. "Mulipo asanu ndi anayi."

"Wati chiyani?"

"Mayi anga sanamizidwe m'madzi. Sanalowe Chiyuda. Akuluakulu a ku Calcutta anawauza kuti adikire chaka, ndipo bambo sanadikire. Anabwera nawo kuno n'kunena kuti zonse zinatheka."

Kwathu Chiyuda chimayenda ndi mayi. Mwana wa mkazi amene sanalowe, ngakhale adulidwe tsiku lachisanu ndi chitatu, ngakhale aloweze mapemphero onse ngati ine, sawerengedwa. Aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezi.

Ndinamva mapiko a nkhunda kudenga.

"Hezkel," a Shaul anatero motsitsa mawu, "mwanayu wakwiya, ana akakwiya amalankhula zilizonse. Ungonena kuti akunama, tipitirize."

Anawatsegulira khomo lothawira. Bambo akanangoti akunama, onse akanavomera mosangalala. Ndinawaona khosi lawo kumbuyo, lopyapyala, likutuluka m'kolala yotha.

"Sakunama," anatero.

"Zaka zisanu!" a Menashe anakuwa. "Zaka zisanu takhala tikumuwerenga, chikwanitsireni zaka khumi ndi zitatu! Nanga Kadishi ya mkazi wanga chaka chatha? Inapita kuti? Ndikufunsa iwe, Hezkel, inapita kuti?"

"Khala pansi, Menashe," a Shaul anatero.

"Sindikhala! Watidyetsa bodza ndi supuni!"

Mmodzimmodzi anayamba kuvula nsalu zawo n'kuzipinda. Kiyi wa kabati anabwerera m'thumba. Bambo anatsala chiimire pamalo pamene ankanenera Kadishi, buku lili lotsegula, milomo ikugwedera popanda mawu. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinatuluka. Kunja dzuwa linali litawala pamsewu wonyowa, mayi wina ankagulitsa maluwa oyera, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinamva kupepuka. Ndinathamanga mpaka kokwerera basi.

6

Masiku atatu oyamba anali okoma kuposa ndakatulo zanga zonse. Belu, mphasa, mpunga kamodzi dzuwa lisanafike pamutu, mpweya kulowa, mpweya kutuluka. Palibe wondiloza. Ndinkadziuza kuti ndanena zoona, ndipo zoona sizingakhale tchimo.

Tsiku lachinayi, nthawi imene kwathu amayamba mapemphero, milomo yanga inanena yokha kuti "Ameni." Ndinadzidzimuka. Panalibe amene ananena kanthu koti ndiyankhe. Tsiku lachisanu zinachitikanso. Ndikatseka maso, m'malo mwa madzi oyera aja ndinkaona khosi la bambo.

Tinkaloledwa kulankhula ndi amalume a Thuza mphindi zochepa masana.

"Ukuona chiyani?" anandifunsa.

"Khosi la bambo anga."

"Liyang'ane."

"Ndinabwera kudzafuna Mulungu, osati khosi."

"Wakhala chete kuti uone chimene chilipo," anatero. "Chilipo n'chimenecho. Ukufuna ndikusinthire?"

Ndinaliyang'ana masiku asanu otsalawo. Ndinaona zimene sindinkafuna: kuti zoona zija sindinazinene chifukwa chokonda zoona. Ndinazinena ngati munthu wothyola chitseko ndi mutu wa mnzake.

Tsiku lotuluka Thuza ankandidikira pageti. Ndinamuthamangira, mtima uli m'mwamba, ndili ndi mawu a masiku khumi oti ndimuuze. Sanamwetulire.

"Ndamva," anatero. "Azakhali ako anabwera kunyumba kwathu. Sanatukwane. Anangokhala pamkeka n'kulira, amayi mpaka anawapatsa tiyi."

"Thuza, ndinachitira kuti ndikhale mfulu. Kuti ine ndi iwe..."

"Usandiikemo. Ine ndinakuitana kuti udzakhale chete. Sindinakutume kukakuwa." Anandipatsa chikwama changa cha zovala, chimene sindinakachitenge tsiku lija pothamanga. "Ko Nissim, ngati bambo ako okubala unawachita zimenezi chifukwa cha masiku khumi, ine udzandichita zotani tsiku limene ndidzakutsekereze njira?"

Anakwera njinga yake. Ndinamuitana kawiri.

7

Kunyumba palibe amene anandithamangitsa, ndipo zimenezo zinawawa kuposa ndodo. Azakhali ankandiikira mbale osandiyang'ana. Bambo ankapitabe ku sunagoge m'mawa uliwonse, koma anasiya mpando wawo wakutsogolo n'kumakhala pabenchi lakumbuyo. Kabati inali yotseka. Aliyense ankapemphera payekha chamumtima, amuna asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi ngati anthu odikira sitima.

Ndinapita kwa a Shaul.

"Ndikufuna kukonza. Mundimize m'madzi ineyo, ndilowe bwinobwino. Mawa lomwe."

"Mawa lomwe," anandiyeserera. "Banja lanuli ndi mawa lomwe! Pamafunika oweruza atatu odziwa Chilamulo, mwana iwe. Muno alimo ndani? Menashe? Apafupi ali ku Calcutta."

"Ndipita ku Calcutta."

"Pita. Boma likupatsa pepala lotulukira, lobwerera silipereka. Ukakhala Myuda wokwanira kumeneko, ife kuno tidzakhalabe asanu ndi anayi." Anapukuta maso ndi mpango. "Ine ndinkakayikira kuyambira kale. Ukuganiza kuti ndine chitsiru? Koma chimene sindinauzidwe sindinachidziwe. Tsopano wandiuza."

Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti msampha uli ndi zipinda ziwiri. Ndikakhala, sindiwerengedwa. Ndikapita kuti ndikawerengedwe, sindibwerera.

Mwezi wa khumi ndi umodzi unatha Lamlungu lina lotentha. Tsiku limenelo bambo akananena Kadishi yotsiriza. M'malo mwake anavala chipewa n'kundiuza, koyamba chichitikireni zija, "Tiye kumanda."

Pamanda a agogo anaika kamwala, ine n'kuika kanga. Anatulutsa buku, analitsegula, n'kulitsekanso.

"Bambo, munanamiranji?" ndinafunsa.

"Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Akuluakulu aja anati dikira chaka. Mabomba akugwa, anthu akufa m'misewu, iwo akuti chaka. Ndinaona ngati moyo wonse." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Amayi ako ankafuna kudikira. Ndine ndinakana. Ndinati Mulungu akudziwa mitima yathu, madzi n'chiyani? Ndiye ukamandiuza za masiku ako khumi, ndinkamva mawu anga omwe, ndipo ndinkadana nawo."

"Mundikhululukire."

"Sindinafike pamenepo. Usandifulumizitse." Anakhala pansi pa udzu, mawondo akulira. "Mawu amene ndinayenera kuwapatsa amayi anga lero sindingawanene. Ena ndilibe. Zija unakaphunzira kwa amonke, zokhala chete zija, amachita bwanji?"

Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Sankandinyoza.

"Mutseke maso," ndinatero. "Muzingotsatira mpweya ukamalowa ndi kutuluka."

"Basi?"

"Basi."

"Ndipo pamafunika anthu angati?"

"Amene alipo."

Anatseka maso. Tinakhala pamenepo awiri, pambali pa agogo, mpaka mthunzi wa mpanda unatifika kumapazi.

8

Inu amene mukuwerenga, makamaka anzanga amene mtima ukukuuzani kuti Mulungu ali kwina, kutali ndi nkhalamba zoyasamula za kwanu: sindikuuzani kuti mtimawo ukunama. Zimene ndinamva pansi pa mango zinali zenizeni, ndipo mpaka lero ndimakhala chete theka la ola ndisanatuluke m'nyumba. Koma musanatsegule chitseko, yang'anani kuti chamangiriridwa pa ndani. Ine ndinkalira kuti akungofuna thupi langa lidzaze malo. Sindinadziwe kuti pali anthu amene dziko lonse silinawasungire malo ngakhale amodzi, ndipo tsopano ndine mmodzi wa iwo.

Pepala lopempha kutuluka m'dziko lili m'kabati ya bambo, pansi pa mawotchi akufa. Ndalemba dzina, sindinasaine. Bambo akuti ndipite. Azakhali akuti ndikapita adzawasambitsa ndani bambo akadzamwalira. Thuza sanayankhe makalata anga atatu.

M'mawa uliwonse ndimapita ku sunagoge, ndipo ndimakhala pabenchi lakumbuyo pafupi ndi bambo. Palibe amene amandituma. A Menashe anayamba kudwala mwezi watha, ndipo ana awo onse ali kunja. Dzulo anandiitana pafupi ndi bedi lawo, nandigwira dzanja mwamphamvu.

"Mlamba iwe," anatero, "ukudziwa kuti ine sadzandinenera Kadishi?"

Ndinati ndikudziwa.

"Ndiye udzabwere kumanda kwanga ukhaleko chete. Koma usadzachedwe kuchokapo, ndimatopa ndi alendo."